Ndevu za a Yotamu

Lamlungu lapitali chinakwana chaka chimwalirireni a Yotamu, ndipo ndinakwera basi kupita ku West Bromwich kukaona dimba lawo. Sindinauze aliyense. Amalawi a kuno ukangowauza kuti ukukakumbukira munthu, mawa lake upeza asankha kale komiti, tcheyamani ndi wachiwiri wake.

Inu amene mwafika ku Birmingham posachedwa simunazione ndevu za a Yotamu, ndipo mwamanidwa. Zinali zoyera mbee, zofika pachifuwa, ndipo tsitsi ankalipinda n'kulibisa m'chipewa cha ubweya. Anyamata a ku yunivesite ankawatcha mneneri, koma kumbali, chifukwa mkuluyo anali ndi manja a munthu amene wagwira ntchito yosungunula zitsulo kwa zaka zambiri. Ine ndinakumana nawo nditangofika kudzaphunzira za mankhwala, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 90, pa mapemphero a Amalawi amene tinkachitira m'holo ina yozizira koopsa. Anakhala pafupi ndi chitseko. Nditanyonyomala kuti ndiwapatse moni, anandigwira dzanja osalisiya.

"Ndiwe mwana wa yani, mayi?"

Ndinawauza kuti kwathu ndi ku Dedza ndipo ndine Nachisale.

"Ku Dedza! Phiri lija likadalipo?"

"Likadalipo, agogo. Silinasamuke."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa la kusukulu linafa, ndinangokhala Nachisale basi. Nawonso kwawo kunali ku Dedza, koma anachokako ali mnyamata nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangoyamba, osabwererako. Anali mtchona weniweni. Dziko lathu ankalitchabe Nyasalande, Harare anali Sozibele, ndipo akatembenukira ku Chingerezi ankalankhula ngati mzungu wobadwira pa West Bromwich pomwepo, moti ndinkangovomera ndisanamve kanthu.

Anali ndi timakhalidwe tawo timene tinkatiseka tisanatimvetse. Kulikonse ankakhala pafupi ndi khomo. Akalowa kogula tchipisi ankagula tchipisi chokha, nsomba ayi, ndipo wina akawagulira ankaikankhira pambali mwaulemu. Kudimba kwawo, kaja ka lendi kamene kuno amati alotimenti, ankalima nkhwani, mpiru ndi chimanga chimene sichinakhwimepo chaka ndi chimodzi chomwe. Chaka chilichonse chisanu chinkachipeza chikadali chanthete, chaka chilichonse ankachitukwana, chaka chotsatira n'kudzalanso. Pakona pa dimbalo panali kanyumba kamatabwa kosungiramo makasu, ndipo chitseko chake ankachiikira njerwa kuti chisatsekeke, kaya kugwe mvula kaya chipale. Ankakonda kunena kuti munthu wogwira ntchito pansi ndi amene amamva nkhani pomaliza. Ankanenanso kuti Azungu amalemba chilichonse, ngakhale kulemera kwa malasha, koma wothira malashawo amamuiwala.

Mwana wawo anali mmodzi, Maureen, amene anabereka ndi mayi wa ku Ireland. Mayiyo ine sindinawapeze. Maureen Chichewa amamva pang'ono koma amayankha m'Chingerezi, ndipo mkamwa mwake ndi mwa bambo ake. Iye ndi amene anandiuza za mkangano wa ukwati wake. Anawapempha bambo ake chinthu chimodzi chokha, kuti amete, aoneke bwino pa zithunzi. Iwo anakana. Anawagulira lumo labwino la chigwiriro cha fupa, iwo analilandira, kuthokoza, n'kukalipachika pamsomali m'kanyumba ka kudimba. Anamuperekeza mwana wawo kuguwa ndevu zili lendewu, ndipo anatha nyengo yaitali akungopatsana moni wa pakhomo. Chimene chinamupweteka Maureen si ndevuzo ayi, koma kuti bambo ake sanamuuze chifukwa chake.

Ine anandiuza tsiku lina masana tikusadzula nkhwani. Sindinawafunse. Ndinangonena mocheza kuti zinthu zasintha kumudzi, anthu othawa akubwerera, bwanji nawonso osapita kukaona phiri lawo lija. Iwo anati, "Nachisale, ndikakafika kumeneko akandifunsa funso limodzi, ndipo yankho lake ndilibe."

Kumudzi sanachokeko okha. Anatenga mng'ono wawo Kefasi, amene anali asanamere ndi ndevu zomwe. Mayi awo anawaperekeza mpaka pamphambano, ndipo mawu awo otsiriza anali akuti popeza wamutenga yekha, adzamubwezenso yekha. Anayenda mpaka ku Joni, migodi inawakana, anakathera ku doko la Durban, kumene analembedwa ntchito yothira malasha m'ng'anjo pa sitima ya katundu. Ankasinthana. Wina akakhala pansi ku ng'anjo, wina amakhala pamwamba kupuma.

Unali m'mawa, dzuwa litakwera kale, nyanja ili bata. A Yotamu anali atangotuluka kumene, akuchapa malaya m'chidebe. Kefasi ndi amene anali atatsika. Sanaone chilichonse chikubwera. Anangomva sitima yonse ikudumpha, kenako utsi ndi nthunzi zikutuluka pakhomo lomwe lija mng'ono wawo analowera. Anathamangira khomolo, koma chitseko chachitsulo chinali chitapindika n'kukanirira. Anachikoka mpaka anthu awiri anachita kuwanyamula n'kuwaponya m'bwato lopulumukira. Sitimayo inamira iwo akuyang'ana.

"Kenako madzi anatumphuka," anatero, "n'kuvuuka chinthu chakuda, chachitali, chikuchucha. Sabumarini ya Ajeremani, sitima yoyenda pansi pa madzi. Pamwamba pake panatuluka anyamata a ndevu, otuwa ngati sanaonepo dzuwa. Mmodzi anafunsa dzina la sitima yathu. Titamuuza analoza kumene kunali mtunda, analowanso, n'kumira. Basi."

Anatoledwa ndi sitima ina imene inawatula ku Liverpool, ndipo nkhondo itatha anatsata ntchito mpaka kuno. Kalata ya maliro sanalembe. Ankati uthenga wa imfa ya mwana wa mayi ako sutumiza ndi sitampa, umapita wekha, umakhala pansi, n'kuyankha mafunso. Wafa bwanji? Mwamuika pati? Adzukulu anali ndani? Funso loyamba lokha ndi limene akanayankha. Ndipo popeza maliro a Kefasi anali asanathe, lumo silikanadutsa pamutu pawo. Ankangodulira nsonga ndi sizasi zikafika povuta. Za nsomba ndi za chitseko sindinafunsenso, ndinamva ndekha.

Atapuma ntchito ya zitsulo anayamba ntchito ina, yofufuza sabumarini ija. Ankakwera basi kupita ku laibulale yaikulu ya m'tauni, ankapita kumisonkhano ya nkhalamba zimene zinali pa sitima nthawi ya nkhondo, ankafunsa aliyense. Pang'onopang'ono anaidziwa, ndipo anaidziwa ngati munthu. Chimene sindidzaiwala ndi mmene ankaifotokozera. Ankaimirira, kuvula chipewa, n'kuiyala ndendende ngati mbiri ya womwalira imene amawerenga pamaliro.

"Inabadwira kumpoto kwa Jeremani, padoko lopangira sitima, nkhondo ili mkati. Inakulira m'nyanja yozizira ya kufupi ndi kwawo, kumene anyamata ake ankaphunzira kumira ndi kuvuuka. Itakula inasamukira ku France n'kumakasaka sitima za katundu m'nyanja ya Atlantic. Ulendo wina inabwerako chimanjamanja. Ulendo wina inabwerako yovulala, ndege itaiphulitsira bomba pambali, ndipo inagona nthawi yaitali akuikonza. Itachira anaituma kutali, kuzungulira kunsi kwa Africa mpaka kumadzi ofunda a kwathu, ndipo kumeneko inakumana ndi Kefasi. Inabwerera ku France, anaichingamira ndi maluwa ndi malipenga. Ulendo wotsatira sinapite patali. Ndege inaipeza ili pamwamba pa madzi, ndipo sanapulumuke ndi mmodzi yemwe. Yasiya anamfedwa ku Jeremani, ku Liverpool, ku India ndi ku Dedza."

Akamaliza ankavala chipewa n'kupitiriza kupalira. Ine zinkandinyansa, kunena zoona. Chitsulo chopha anthu n'kumachiwerengera mbiri ngati mkulu wa mpingo! Koma kwa iwo nkhani inali ina. Anthu okhawo amene akanadziwa pamene Kefasi wagona anali a m'sabumarinimo, ndipo mbiriyo inkathera pakuti onse anapita. Nthawi iliyonse akafika pa mawu amenewo, mawu awo ankatsika.

Ndiye chaka china, nkhalamba ina ya kumisonkhano kuja inawanong'oneza kuti ku Coventry kuli Mjeremani wina, dzina lake Helmut, amene anali m'sabumarini yomweyo. Ulendo womaliza uja iye anatsala m'chipatala ku France atathyoka mkono. Pambuyo pake anagwidwa, anabwera kuno ngati mkaidi wa nkhondo wolima m'minda, anakwatira mzimayi wa konkuno n'kukhazikika ku Foleshill, dera la ku Coventry komweko. Zaka zonsezo anthu awiriwa ankakhala motalikirana ulendo wa basi ziwiri. Poyamba a Helmut anakana kukumana nawo, poganiza kuti munthuyo akufuna kudzawalavulira kumaso. Maureen ndi amene anapita kukawanyengerera, bambo ake atamuuza nkhani yonse kwa nthawi yoyamba.

Ine a Yotamu anandiitana pa foni ndikutuluka ku ntchito.

"Nachisale, Loweruka undiphikire nkhuku. Tambala wathunthu, osachotsa chiwalo ndi chimodzi chomwe."

"Kuli alendo, agogo?"

"Kukubwera mdzukulu."

Nditamva kuti mdzukuluyo ndi ndani, ndinapsa mtima zenizeni. Ndinawauza kuti adzukulu ndi anthu okumba manda, othandiza anamfedwa, osati opha. Ndinati munthu ameneyu akufunika khoti, osati nkhuku, ndipo ine manja anga sangaphikire chigawenga. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera.

"Wamaliza, mayi? Tandiuza, Kefasi anamuika m'manda ndani? Ine ndinathawa pa bwato. Kampani ya sitima sinatumize ndi nsalu yomwe. Amene anamutsitsira pansi ndi anthu amenewa. Anamupha, inde, sindinaiwale. Koma anamuikanso ndi iwowo, ndipo wina kulibe. Mdzukulu sasankhidwa chifukwa choti ndi munthu wabwino. Akagwira ntchito amadya, akadya amakuonetsa manda. Ukaphika kapena ndikagule yokazinga kale ya m'bokosi, tichite manyazi tonse?"

Ndinaphika, koma ndikung'ung'udza.

Lowerukalo kunali dzuwa. Maureen anafika nawo pa galimoto a Helmut, kankhalamba kakang'ono, kowerama, kovala tayi ndi jekete ngati kakupita kukaweruzidwa. A Yotamu anawakhazika pa kireti pakhomo pa kanyumba kaja. Kenako, ndi mawondo awo ovutawo, anagwada pansi, n'kuwathirira madzi m'manja kuchokera m'jagi. Mzunguyo anayang'ana Maureen, Maureen anayang'ana ine, ine ndinayang'ana chimanga. Anawaikira nkhuku yonse patsogolo n'kuwauza m'Chingerezi kuti ndi yawo okha, ife sitidya nawo. Sindinaonepo munthu akuvutika ndi ntchafu ya nkhuku ngati tsiku limenelo. Ankatafuna ngati akumeza miyala, koma anadya.

Atasamba m'manja, a Yotamu anayala mapu a nyanja pa bondo n'kunena kuti, "Tsopano ndionetseni pamene munamuika mng'ono wanga."

A Helmut anawayang'ana mapuwo nthawi yaitali, osawakhudza.

"Bambo, sindikunamizani," anatero. "Sindikudziwa. Ine ndinali wa ku injini. Ulendo wonsewo nyanja sindinaione, ngakhale pamene tinavuuka sindinaloledwe kukwera pamwamba. Kumene tinali ankadziwa ndi akuluakulu, ndipo onse anapita."

Ndinaona manja a a Yotamu akuyamba kupinda mapu aja pang'onopang'ono, ndipo ndinafuna kumulanda mzunguyo mafupa omwe. Zaka zonse zija, mabasi onse aja, n'kudzathera pa munthu amene sanaone kanthu!

"Koma ndinamva," anapitiriza a Helmut. "Sitima ikamamira imalira. Zitsulo zimathyoka chimodzichimodzi pamene ikutsika, ndipo phokosolo limadutsa m'madzi n'kulowa m'khoma lathu ngati zikuchitikira chipinda chinacho. Kutsogolo ena anakuwa mokondwa. Ife a ku injini sitinakuwe. Tinkadziwa amene satuluka sitima ikaphulitsidwa. Mnzanga Otto, wothira mafuta, anavula chipewa n'kunena kuti mmenemo muli anzathu a pansi. Tinaima choncho mpaka phokoso linatha."

A Yotamu anasiya kupinda mapu.

"Anavula chipewa?"

"Anavula."

"Mpaka phokoso linatha?"

"Mpaka linatha."

Anatembenukira kwa ine, n'kulankhula m'Chichewa. "Wamva, Nachisale? Pamaliro a Kefasi panali anthu. Sanapite yekha ngati galu."

Analowa m'kanyumba n'kutuluka ndi lumo lija la ukwati, sizasi, sopo ndi beseni. Anawapatsa a Helmut. Maureen anawafotokozera kuti kwathu maliro amatha ndi kumeta, ndipo bambo ake akhala akudikira wowameta kuyambira nthawi ya nkhondo. Mzunguyo analigwira lumolo mwamantha moti ndinaopa kuti tiika maliro ena, koma atangoyamba anakhazikika, poti anali munthu wozolowera zida. Ndevu zinagwa, tsitsi linagwa, mphepo n'kumazikankhira m'mizere ya mpiru. Pansi pake panatuluka nkhope ya munthu wina, yaing'ono, yokhala ndi kadzenje pachibwano. Maureen anagwira chibwano chake, pamene palinso kadzenje komweko, n'kuyamba kulira ngati kamwana. Anali asanaionepo nkhope ya bambo ake.

Tinkayesa zatha. Koma a Helmut anavula chipewa chawo, n'kuonetsa titsitsi tochepa timene tinatsala m'mbali mwa dazi.

"Otto nayenso alibe manda," anatero. "Onse aja alibe. Kodi mwambo wanuwu umalola?"

A Yotamu anangodzuka pa kireti, kuwakhazikapo, n'kuyamba kupaka sopo. Ine mpaka lero sindinganene kuti nkhuku ija ndinaiphika ndi mtima woyera, ndipo sindikudziwa ngati akuluakulu a kwathu akanavomereza zimene zinachitika padimba paja. Koma ndinalira, ndipo sindinabise.

Chaka chomwecho a Yotamu anapita ku Dedza, mutu uli mbee. Mayi awo anali atamwalira kalekale. Anapeza mlongo wawo Esitere, wokalamba, maso atafa. Anawapapasa nkhope, ndipo asanafunse za moyo kapena za ku Ulaya anafunsa funso lomwe lija, kuti mwana uja munamuika pati. A Yotamu anayankha kuti ali m'nyanja, kum'mawa kwa Durban, malo enieni sakudziwika, koma pomuika panali anthu amene anavula zipewa, ndipo mdzukulu mmodzi amuona ndi maso n'kumudyetsa. A Esitere anati zamveka. Kenako anawatengera kumanda n'kuwaonetsa mitumbira iwiri yofufutika. Mbiri ya kumira kwa sitima inali itafika kumudzi kudzera mwa anthu obwera ku Joni, ndipo abale anakwirira mathunthu awiri a nthochi, lina la Kefasi, lina la Yotamu. Atabwerako ankadzitama kuti m'West Bromwich monse ndi iwo okha amene anakaonako manda awo n'kubwerako pa ndege.

Anakhalanso zaka zingapo, akumeta Loweruka lililonse ngati mnyamata wofuna mkazi. A Helmut ankabwera pa basi kudzakhala pa kireti yawo, ndipo awiriwo ankakangana za chimanga, za mpira, ndi za injini. Za nkhondo sindinawamvenso akukamba. Mbiri ya sabumarini ija sanaiwerengenso.

Pamaliro a a Yotamu chaka chatha, Amalawi ena ankanong'onezana kuti kodi kamzungu ka ndodo kakukakamira kugwira bokosiko ndi kandani. Kumanda a Helmut anapempha fosholo n'kuthira dothi loyamba, Maureen atawagwira mkono kuti asagweremo. Titabwerera ku holo, anthu ali zii ndi makapu a tiyi m'manja, nkhalambayo inagogoda pansi ndi ndodo, n'kukuwa m'Chichewa chopindika chimene malemuwo anaiphunzitsa asanafe:

"Nkhuku yanga ili kuti?"

Holo yonse inaphulika ndi kuseka, amayi ena akupukuta misozi ndi zitenje. Nkhukuyo inalipo. Ndinali nditaiphika m'mawa, yathunthu, popanda wondituma.

Lamlungu lija ndinapeza dimba lisanapatsidwe munthu wina. Udzu wafika m'mawondo. Mapesi a chimanga cha chaka chatha akadali chiimire, ofota, opanda ndi chitsononkho chomwe, koma maungu amera okha n'kuyanga mpaka kumpanda, ndipo palibe wotchola nkhwani zake. Bambo wa dimba loyandikana anandiuza kuti nkhalamba ya ku Coventry inabwerako kamodzi m'nyengo yachisanu, inakhala pang'ono n'kumapita, ndipo sanaionenso. Makireti awo awiri akadali pakhomo pa kanyumba, moyang'anana, ina itayamba kuwola. Pawindo ndinaona beseni lili chafufumimba ndi lumo lili pamsomali pake, litachita dzimbiri.

Chitseko ndi chimene chinandipweteka. Wina wake, mwina pofuna kuthandiza, anachitseka n'kuchikhoma ndi kawaya. Ndinamasula kawayako, ndinafunafuna njerwa ija mu udzu mpaka ndinaipeza, n'kuiika pamalo pake. Pamene ndinkatuluka pa geti ndinacheuka. Chitseko chinali chotsegula, mphepo ikulowa, ndipo pafupi ndi khomo panalibe munthu.